Synthetic division: kugawa polynomial popanda kulemba x ngakhale mmodzi

Aliyense amene anagawapo polynomial (mndandanda wa ma x a mapawa osiyanasiyana monga x³, x² ndi x, ophatikizidwa kapena kuchotsedwa pamodzi ndi nambala) pogwiritsa ntchito long division amadziwa mmene njirayi imadyera pepala. Kugawa 2x³ − 3x² − 11x + 6 ndi x − 3 kumatha pafupifupi theka la tsamba la kope. Mumalemba x³, kenako x², kuchotsera, kutsitsa, kuyambiranso, ndipo pa kuchotsera nambala ya mainasi ndi pomwe ambiri amaterereka. Koma mukaiyang'anitsitsa ntchito yonseyo muona kuti ma x aja palibe chimene akuchita kupatula kusunga malo. Zimene zikusintha mzere ndi mzere ndi nambala zoima kutsogolo kwa ma x, zomwe m'masamu amati ma coefficient. Synthetic division ndi long division yomweyo, kungoti chilichonse chongobwerezedwa tachitaya, n'kutsala ndi nambala zokhazokha.

Ophunzira okonzekera MSCE amakumana ndi nkhani ya ma polynomial pamodzi ndi remainder theorem ndi factor theorem, ndipo amene waonetsedwa njira yachiduleyi amaikonda msanga. Vuto n'lakuti ambiri amangoiloweza ngati nyimbo: tsitsa, chulukitsa, phatikiza. Funso likasintha pang'ono nyimboyo imawasocheretsa, chifukwa sadziwa kumene inachokera.

Tiyeni tiyambe ndi samu ili pamwambayo. Lembani ma coefficient motsatana, kuyambira wa x wa pawa yaikulu kwambiri: 2, −3, −11, 6. Kumanzere lembani nambala imene ikalowa m'malo mwa x imasandutsa chogawira kukhala ziro. Pa x − 3 nambalayo ndi 3. Siyani mpata wa mzere umodzi, jambulani chingwe pansi pake.

3 | 2, −3, −11, 6
mzere wapakati: 6, 9, −6
mzere wapansi: 2, 3, −2, 0

2 woyambayo mumangomutsitsa monga alili. Mukamuchulukitsa ndi 3 mupeza 6, ndipo 6 ameneyu mumulemba pansi pa −3. Kuphatikiza −3 ndi 6 kukupatsani 3. Chulukitsani 3 watsopanoyu ndi 3 wa kumanzere uja, mupeza 9, yemwe apita pansi pa −11, ndipo pamodzi apanga −2. Kenako −2 kuchulukitsa ndi 3 ndi −6, ndipo 6 kuphatikiza −6 ndi 0. Basi ntchito yatha: kuchulukitsa katatu, kuphatikiza katatu.

Powerenga mzere wapansi, nambala yomaliza ndi yotsala. Pano ndi 0, kutanthauza kuti x − 3 yalowa ndendende. Zina zitatuzo ndi ma coefficient a yankho, ndipo popeza tagawa polynomial ya x³ ndi chinthu cha x wa pawa 1, yankho liyambira pa x². Choncho yankho ndi 2x² + 3x − 2. Okayikira achulukitse x − 3 ndi 2x² + 3x − 2, abwerera pa 2x³ − 3x² − 11x + 6.

Chifukwa chiyani zimatheka

Apa ndi pomwe pagona nkhani, ndipo ndi poyenera kuchedwapo. Kugawa kulikonse kumanena chinthu chimodzi: chogawidwa chikufanana ndi chogawira kuchulukitsa ndi yankho, kuphatikizapo chotsala. Pa nambala wamba, 17 = 5 × 3 + 2. Pa ma polynomial n'chimodzimodzi. Tiyerekeze kuti yankho sitikulidziwa, tilitche px² + qx + r, ndipo chotsala tichitche R. Ndiye kuti

2x³ − 3x² − 11x + 6 = (x − 3)(px² + qx + r) + R

Tikachulukitsa mbali ya kumanja n'kusonkhanitsa zofanana, tipeza px³ + (q − 3p)x² + (r − 3q)x + (R − 3r). Mbali ziwirizi zikhala zofanana pokhapokha coefficient iliyonse ikufanana ndi inzake ya mbali inayo. Choncho p = 2. Ndiye chifukwa chake nambala yoyamba imangotsitsidwa. Kenako q − 3p = −3, kutanthauza kuti q = −3 + 3p: tengani p, chulukitsani ndi 3, phatikizani ku −3. Chimodzimodzi r = −11 + 3q, ndipo R = 6 + 3r. Taonani kuti mawu atatu aja oloweza ndi omwewa. Nambala iliyonse ya mzere wapansi ndi coefficient ya pamwamba pake kuphatikiza 3 kuchulukitsa ndi nambala imene yangopezeka kumene.

Zimenezi zikuyankhanso funso limene limavutitsa ambiri, loti bwanji chogawira ndi x − 3 koma kumanzere timalemba 3 wa pulasi. Mu long division mumachulukitsa ndi −3 kenako n'kuchotsera. Kuchotsera chinthu chochulukitsidwa ndi −3 n'chimodzimodzi kuphatikiza chinthu chochulukitsidwa ndi 3. Tikasintha chizindikiro kamodzi kokha pachiyambi, kuchotsera konse kumasanduka kuphatikiza mpaka kumapeto. Kwa ine phindu lenileni la njirayi ndi limeneli, kuposa kupulumutsa pepala. Munthu wotopa m'chipinda cha mayeso amalakwitsa −11 − (−9) mosavuta kuposa −11 + 9.

Chogawira chikakhala x + 2, muchiwerenge ngati x − (−2), ndipo kumanzere mulemba −2.

Tsopano bwererani pa mzere uja wa (x − 3)(px² + qx + r) + R ndipo muike 3 m'malo mwa x. Chigawo cha x − 3 chisanduka ziro, chimene chachulukitsidwa nacho chifafanizika, patsala R yekha. Ndiye kuti chotsala pogawa ndi x − 3 n'chofanana ndi chimene polynomial imatulutsa x akakhala 3. Imeneyi ndiyo remainder theorem. Factor theorem ndi mwana wake chabe: chotsalacho chikakhala ziro, x − 3 ndi factor, ndipo 3 ndi root, kutanthauza nambala imene ikalowa m'malo mwa x imasandutsa polynomial yonse kukhala ziro. Choncho nambala ya pakona yakumanja ija imagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi. Ndi chotsala, komanso ndi f(3), chomwe ndi chimene polynomial yathu, f(x), imatulutsa x akakhala 3.

Mukafuna kuliona bwino izi, lembani polynomial ija mokutirana chonchi: ((2x − 3)x − 11)x + 6. Mukatsegula mabulaketi mupeza yomwe ija. Ikanimo 3 kuyambira mkati: 2 × 3 − 3 ndi 3, 3 × 3 − 11 ndi −2, −2 × 3 + 6 ndi 0. Nambala zake ndi 3, −2, 0, zomwe zija za mzere wapansi.

Pomwe anthu amagwera

Dzenje loyamba ndi la malo opanda kanthu. Tengani x⁴ − 5x² + 3, tigawe ndi x + 2. Palibe x³, palibenso x wa pawa 1, koma malo awo alipo ndipo ayenera kusungidwa ndi ziro, monga momwe 205 amasiyanira ndi 25. Ma coefficient ndi 1, 0, −5, 0, 3.

−2 | 1, 0, −5, 0, 3
mzere wapakati: −2, 4, 2, −4
mzere wapansi: 1, −2, −1, 2, −1

Yankho ndi x³ − 2x² − x + 2, chotsala −1. Kutsimikiza n'kosavuta: ikani −2 mu polynomial yoyamba ija, 16 − 20 + 3, mupeza −1. Amene waiwala maziro n'kulemba 1, −5, 3 amapeza 1, −7, 17, ndipo choopsa n'chakuti palibe chimene chimamuchenjeza. Masamu ake amayenda bwinobwino, kungoti wagawa polynomial ina, x² − 5x + 3, yomwe sanafunsidwe. Mu long division ma x aja amakukumbutsani kuti mwadumpha malo. Pano tawataya, ndiye udindowo wagwera inu. Muwerenge: polynomial ya pawa 4 iyenera kukhala ndi nambala zisanu pamzere wapamwamba.

Dzenje lachiwiri ndi lobisika kwambiri. Nanga chogawira chikakhala 2x − 1? Tigawe 6x³ + x² − 4x + 5. Nambala imene imasandutsa 2x − 1 kukhala ziro ndi ½.

½ | 6, 1, −4, 5
mzere wapakati: 3, 2, −1
mzere wapansi: 6, 4, −2, 4

Wopupuluma alemba kuti yankho ndi 6x² + 4x − 2. Si zoona, ndipo mungazione ndi maso okha: 2x kuchulukitsa ndi 6x² kukupatsani 12x³, pomwe ife tili ndi 6x³. Chimene chachitika n'chakuti tagawa ndi x − ½, yomwe ndi theka la 2x − 1. Chogawira chikachepa ndi theka yankho limakula kawiri, choncho ma coefficient a yankho tiwagawe ndi 2, tipeze 3x² + 2x − 1. Chotsala chokha musachikhudze, chikhalabe 4. Chifukwa chake chili mu mzere wa kugawa uja: (x − ½)(6x² + 4x − 2) + 4 n'chimodzimodzi (2x − 1)(3x² + 2x − 1) + 4. 2 tangomuchotsa mu bulaketi imodzi n'kumuika mu inzake, ndipo 4 ali kunja kwa mabulaketi onse awiri. Woloweza nyimbo pano amasowa pogwira, amagawa zonse kapena kusiya zonse.

Malamulo a 9 ndi 11

Pali kanthu kena kosangalatsa komwe kamasonyeza kuti njirayi si ya algebra yokha. Nambala iliyonse imene timalemba ndi polynomial yomwe x wake ndi 10. Mwachitsanzo 3476 ndi 3x³ + 4x² + 7x + 6, x akakhala 10. Ndiye kuti 9 ndi x − 1, ndipo 11 ndi x + 1.

Kugawa ndi x − 1 kukutanthauza kuchulukitsa ndi 1 nthawi zonse, komwe ndi kungophatikiza manambala motsatana: 3, kenako 7, kenako 14, kenako 20. Chotsala ndi 20, chomwe ndi 3 + 4 + 7 + 6. Uku ndi komwe kumachokera lamulo lija la ku pulayimale lakuti nambala imagawika ndi 9 ngati manambala ake ataphatikizidwa akugawika ndi 9. Yankho nalo lilipo: 3, 7, 14 ndi 300 + 70 + 14, kapena kuti 384. Mu 20 muli ma 9 ena awiri n'kutsala 2, choncho 3476 kugawa ndi 9 ndi 386, chotsala 2.

Pa 11 timagwiritsa ntchito −1. Tsitsani 3, 4 − 3 ndi 1, 7 − 1 ndi 6, 6 − 6 ndi 0. Mzere wapansi ndi 3, 1, 6, 0, ndipo zoonadi 316 × 11 ndi 3476. Lamulo la 11, lija lophatikiza ndi kuchotsera manambala mosinthanasinthana, ndi synthetic division yomweyi.

Kusaka ma root

Pa mayeso njirayi imathandiza kwambiri mukapatsidwa cubic, polynomial ya pawa 3, n'kuuzidwa kuti muiphwanye m'ma factor, osakuuzani poyambira. Simuyenera kungoyesa nambala mwachisawawa. Ngati ma coefficient onse ndi nambala zathunthu, root iliyonse yolembeka ngati fraction imakhala ndi nambala ya pamwamba yogawa coefficient yomaliza, ndi ya pansi yogawa coefficient yoyamba. Pa 2x³ − 3x² − 11x + 6, za pamwamba zichokera pa 1, 2, 3, 6 ndipo za pansi pa 1 ndi 2, za pulasi ndi za mainasi zomwe. Mukayesa 1 mzere wapansi utuluka 2, −1, −12, −6. Ayi. Mukayesa 2 utuluka 2, 1, −9, −12. Ayinso. Pa 3 mupeza ziro uja.

Wina anganene kuti kuika nambala mwachindunji mu f(x) kukanakuuzaninso zomwezo. N'zoona, koma kukanakusiyani ndi ziro yekha m'manja, n'kuyamba long division kuti mupeze quadratic, polynomial ya pawa 2 yomwe yatsala. Synthetic division imakupatsani zonse ziwiri pamodzi. Pamene ziro akutuluka, 2x² + 3x − 2 ili kale papepala, ndipo imaphwanyika kukhala (2x − 1)(x + 2). Ma root onse ndi 3, ½ ndi −2.

Kumene inachokera, ndi chimene eni ake ankafuna

Ku Italy ndi m'maiko ena a ku Ulaya ndi ku South America njirayi imadziwika ndi dzina la Paolo Ruffini, yemwe anabadwa mu 1765 n'kumwalira mu 1822. Anali dokotala wa anthu odwala komanso mphunzitsi wa masamu pa yunivesite ya Modena, ndipo anaifotokoza mu 1804 polemba za kapezedwe ka ma root a equation ya pawa iliyonse. Ku England imatchulidwa ndi dzina la William George Horner, mphunzitsi amene anali ndi sukulu yake mumzinda wa Bath, yemwe pepala lake linawerengedwa ku Royal Society ku London mu 1819. Onse awiri anachedwa. Ku China, Qin Jiushao analemba buku mu 1247 momwe anagwiritsa ntchito njira yomweyi ya kuchulukitsa ndi kuphatikiza motsatana, ndipo imodzi mwa masamu ake, yokhudza kukula kwa mzinda wozunguliridwa ndi linga lozungulira, imafika pa equation ya pawa 10. Iyenso anamanga pa ntchito ya Jia Xian wa m'zaka za m'ma 1000. Akatswiri a ku China amenewa ankawerengera ndi timitengo toyalidwa m'mizere, popanda chilembo choimira x, choncho kwa iwo polynomial inali kale mzere wa manambala. Chimene ife timachiona ngati chidule, kwa iwo inali njira yokhayo yolembera.

Anthu onsewa sankafuna kungogawa. Ankafuna ma root amene sali nambala zathunthu, ndipo chinsinsi chawo chinali kubwereza kugawako. Tengani x³ − 2x − 5 = 0, chitsanzo chotchuka chomwe Isaac Newton anagwiritsa ntchito. Pa x = 2 polynomial imatulutsa −1, pa x = 3 imatulutsa 16, choncho root ili pakati pa 2 ndi 3, pafupi kwambiri ndi 2. Gawani ndi x − 2. Ma coefficient 1, 0, −2, −5 apereka 1, 2, 2, ndi chotsala −1. Tengani 1, 2, 2 mugawenso ndi x − 2: mupeza 1, 4, ndi chotsala 10. Gawaninso 1, 4: mupeza 1 ndi chotsala 6. Zotsala zimenezi, mukaziwerenga chobwerera, ndi ma coefficient a polynomial yomwe ija italembedwa mwatsopano, y akuimira x − 2:

y³ + 6y² + 10y − 1 = 0

Popeza y ndi kanambala kakang'ono, y² ndi y³ ndi tating'ono kwambiri, ndiye 10y ali pafupi ndi 1 ndipo y ali pafupi ndi 0.1. Mukayesa 0.1 mupeza 0.061, yomwe yapitirira ziro pang'ono. Mukayesa 0.09 mupeza pafupifupi −0.051. Ndiye kuti root ili pakati pa 2.09 ndi 2.1. Mukasunthanso polynomial ndi 0.09 mwa njira yomweyo mupeza nambala yotsatira, kenako inanso, mpaka 2.0945 ndi kupitirira, kutengera kuleza mtima kwanu. Amene anaphunzira calculus azindikira kuti 10 uja, chotsala chachiwiri, ndi derivative pa x = 2: 3 × 4 − 2. Yatuluka yokha popanda kuchita differentiation. Pa chitsanzo chathu choyamba, mukagawanso 2, 3, −2 ndi x − 3 mupeza chotsala 25, ndipo 6x² − 6x − 11 pa x = 3 ndi 25 yemweyo.

Masiku ano palibe amene amasaka ma root pamanja chonchi, koma kachitidwe kake kanalowa m'makompyuta. Powerengera polynomial ya pawa 5, mukamapanga pawa iliyonse payokha n'kuichulukitsa ndi coefficient yake muchulukitsa ka 15. Mukamasunga mapawa amene mwapeza kale muchulukitsa ka 9. Njira yokutirana ija imafuna kuchulukitsa ka 5 ndi kuphatikiza ka 5 basi. Alexander Ostrowski mu 1954 ndi Victor Pan mu 1966 anatsimikiza kuti, pa polynomial wamba yomwe simunaikonzeretu, palibe njira ina yophatikiza kapena kuchulukitsa kochepera pamenepo. Kompyuta ikamasandutsa zilembo zimene mwatayipa, monga 3, 4, 7, 6, kukhala nambala 3476, kawirikawiri imachita zomwezi: tenga 3, chulukitsa ndi 10, phatikiza 4, chulukitsa ndi 10, phatikiza 7. Pa nambala za binary, zolembedwa ndi 0 ndi 1 okha, 10 uja amasanduka 2, ndipo 1101 amayenda 1, 3, 6, 13.

Malire ake ndi oonekeratu. Monga taifotokozera pano, njirayi ndi ya chogawira cha x wa pawa 1. Mukapatsidwa x² + 1 kapena x² − 3x + 2, nambala imodzi kumanzere siikwanira. Ilipo njira yotambasula yokhala ndi nambala ziwiri kumanzere ndi mizere iwiri yapakati, koma sindingailimbikitse kwa wophunzira wa sekondale, chifukwa kusamala kuti nambala iliyonse igwere pamalo ake kumadya nthawi yonse imene mumafuna kupulumutsa. Ngati chogawiracho chikuphwanyika, monga x² − 3x + 2 yomwe ndi (x − 1)(x − 2), mutha kugawa kawiri motsatana, poyamba ndi 1 kenako ndi 2, ndipo zimayenda bwino zotsala zonse zikakhala ziro. Pa x² + 1, yomwe siphwanyika mu nambala zenizeni, bwererani ku long division. Komanso funso likanena mwachindunji kuti mugwiritse ntchito long division, chitani zomwezo, ndipo synthetic division muigwiritse ntchito pambali poona ngati yankho lanu lili lolondola.